Maadaputa a eriyo pa wailesi zakale za Becker, Blaupunkt ndi Radiomobile: zogula ndi zosiya

Pa intaneti komanso m'mashopu ena a masipeya a galimoto mumapezeka timaadaputa ta eriyo topanda dzina la kampani, tomwe ogulitsa amati timakwana wailesi iliyonse. Tomwe timawonekawoneka ndi tinayi: adaputa yachitsulo yaifupi yochoka ku ISO kupita ku DIN (mitundu iwiri ya mapulagi a eriyo), inzake yogwira ntchito yomweyo koma yokhala ndi kachingwe ka masentimita 15 kapena 20 pakati, pulagi ya Motorola yomangira kasikulu, ndi adaputa ya waya wabuluu yomwe imapatsa eriyo magetsi. Pa wailesi zamakono zinthu zimenezi zimagwira ntchito popanda vuto lenileni. Koma kwa munthu amene akubwezeretsa Becker Europa mu Mercedes W123, Blaupunkt Frankfurt mu VW Beetle, kapena Radiomobile mu Land Rover yakale, pa zinayizi yothandizadi ndi imodzi, ya kachingwe ija, ndipo chinthu chabwino koposa sichipezeka n'komwe m'gululi. Chinthucho ndi pulagi wamba ya Motorola yowotcherera pa chingwe choyambirira cha galimotoyo.

Wailesi zambiri za m'galimoto zopangidwa kuyambira m'ma 1950 mpaka m'ma 1980, kaya za ku Germany, ku Britain, ku America kapena ku Japan, zili ndi soketi ya mtundu umodzi kumbuyo kapena m'mbali. Ndi bowo lozungulira, lakuya, lolandira pulagi yaitali yokhala ndi phini yonenepa pafupifupi mamilimita 3.2 pakati. Pulagiyi anthu a ku America amaitchula Motorola, a ku Germany anailemba pa muyezo wa DIN 41585, ndipo ogulitsa zinthu za ku Japan amati JASO. Mayina atatu, chinthu chimodzi. Ndi pulagi yomweyi imene aliyense amene anaikapo expander ya FM (kachipangizo kosuntha masiteshoni kuti wailesi iwagwire) m'galimoto yochokera ku Japan anaigwira m'manja. ISO ndi ina: muyezo wake, ISO 10599, ndi wa mu 1992, pulagi yake ndi yaifupi, kawirikawiri yopindika, phini yake yowonda, ndipo inafala m'galimoto za ku Ulaya za m'ma 1990. Pambuyo pake kunabwera pulagi ya FAKRA, ya nyumba yapulasitiki yamitundumitundu: yakuda ya eriyo wamba, yoyera ya eriyo yofuna magetsi, yabuluu ya GPS. Galimoto yakale ikapezeka ndi ISO kapena FAKRA kuseri kwa dashibodi, dziwani kuti wina anasinthapo chingwe kapena eriyo panthawi imene ankaika wailesi yatsopano. Ndipo apa ndi pamene adaputa imayamba kufunika.

Adaputa yachitsulo yaifupi ndi imene anthu ambiri amathamangira chifukwa ndi yotsika mtengo komanso imawoneka yolimba. Vuto lake loyamba ndi kutalika. Ikalowa mu soketi, thupi lake limatsala kunja, pamwamba pake n'kubweranso pulagi ya ISO ndi chingwe. Kuseri kwa wailesi m'galimoto zakale malo ndi ochepa: kuli mapaipi a hita, kwina kuli zitsulo zoyendetsa mawaipa. Mukakankha wailesi kuti ikhale m'malo mwake, adaputa imatsamira pa chinthu china n'kumakanula soketi. Pa msewu wa tala mwina simumva kanthu, koma pa msewu wafumbi wa mabampu kugwedezeka konse kumathera pa malo pamene soketi inawotchereredwa mkati mwa wailesi. Pakapita miyezi mawu amayamba kudukaduka galimoto ikagunda bampu, ndipo kukonza kwake n'kutsegula wailesi ya zaka 50, ntchito imene sinkafunika.

Vuto lachiwiri lili pa timasamba tachitsulo ta m'mbali mwa pulagi. Pa pulagi yabwino timasambati timakhala totukuka, tolimba, ndipo ndi timene timagwira pulagi mu soketi komanso kulumikiza earth, njira ya magetsi yodutsa m'bodi ya galimoto. Pa maadaputa otsika mtengo timakhala tofewa, mukalowetsa kawiri katatu tagona kale. Mungatitukule pang'ono ndi sikuludiraiva yaing'ono, koma chitsulo chopanda mphamvu chimagonanso. Palinso maadaputa ena okhala ndi phewa lalikulu lomwe limagunda bokosi la wailesi phini isanafike pansi pa soketi yakuya. Kunja zimawoneka ngati zalowa, pomwe mkati phini yangokhudza pang'ono kapena siinakhudze n'komwe. Chizindikiro chake n'chosavuta kuchidziwa: masiteshoni a FM apafupi akumveka, chifukwa siginolo ya FM imatha kudumpha kampata kakang'ono, koma pa AM pali zii.

Adaputa ya kachingwe ndi yabwino kuposa inzakeyo pa chifukwa chimodzi chokha, koma chachikulu: kachingwe kamapindika, choncho soketi ya wailesi sinyamula katundu. Ngati galimoto ili kale ndi chingwe cha ISO chomwe simukufuna kudula, gulani imeneyi, ndipo polumikizira pa ISO pamangeni ndi tepi kapena ndi kachubu kofota ndi moto, n'kumangirira chingwecho pa waya wina kuti chisalendewere. Musanalipire, kokani pang'ono mbali zonse ziwiri. Zina zimangopanidwa mwachisawawa ku fakitale moti pulagi imazungulira pa chingwe. Yotero isiyeni.

Pulagi yomangira kasikulu ndi yokhumudwitsa kwambiri pa zinayizi, ngakhale kuti ndi imene imawoneka ngati yankho kwa munthu wopanda chowotcherera. Inapangidwira chingwe chamakono chokhala ndi waya wapakati wonenepa. Chingwe choyambirira cha eriyo ya galimoto yakale sichili choncho. Mukachidula mupeza waya wapakati wowonda ngati tsitsi, ukuyandama mkati mwa kachubu kapulasitiki kokhala ndi mpweya wambiri, nthawi zina utapindidwapindidwa mwadala kuti usaduke chingwe chikakokeka. Kasikulu kakamangidwa pa waya wotere kamaudula, kapena kamaugwira lero n'kuutaya mawa. Amisiri ena akaona choncho amaganiza kuti chingwecho n'chachabe, amachizula n'kuikapo chingwe cha TV kapena cha wailesi za mauthenga. Apa m'pamene wailesi zambiri zabwinobwino zimafera pa AM, mwini wake n'kumati yakalamba.

Kuwonda kwa waya uja kuli ndi chifukwa. Pa FM, cha pa 100 MHz, funde limodzi ndi lotalika mamita 3, ndiye eriyo ya masentimita 75 mpaka 80 ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a fundelo, ndipo imagwira bwino pafupifupi ndi chingwe chilichonse. Pa AM, cha pa 1000 kHz, funde ndi lotalika mamita 300. Eriyo ya mita imodzi ndi kanthu kakang'ono kwambiri poyerekeza ndi funde lotero, moti pa zamagetsi imakhala ngati kapasita (kachipangizo kosunga magetsi pang'ono) yaing'ono ya pafupifupi 15 pF, pF kukhala muyezo wa kukula kwa kapasita. Chingwe nachonso ndi kapasita, pakati pa waya wapakati ndi waya wolukidwa wakunja, ndipo kapasita ya chingweyi imameza gawo la siginolo isanafike ku wailesi. Opanga wailesi ankayembekezera chingwe cha pafupifupi 60 pF chonse. Pa chiwerengero chimenecho, gawo limodzi mwa magawo 5 a siginolo ndi limene limafika. Tsono ikanipo mamita awiri a RG-58, chingwe cha 50 ohm chomwe chili ndi pafupifupi 100 pF pa mita iliyonse: mwafika pa 200 pF, ndipo chofika ku wailesi chatsika kufika pa gawo limodzi mwa magawo 14. Chingwe cha 75 ohm monga RG-59 chili ndi pafupifupi 67 pF pa mita, n'chabwinoko koma n'cholemerabe. Ngati chingwe choyambirira chawonongeka moti sichingapulumuke, chapafupi ndi RG-62, cha 93 ohm, chomwe chili ndi pafupifupi 44 pF pa mita, kapena chingwe chenicheni cha eriyo ya galimoto chochotsedwa m'galimoto ina yakale ku masikirapu. Ndipo musachisiye chotalika mopitirira, n'kuchikulunga kuseri kwa dashibodi. Sentimita iliyonse yowonjezera ndi kapasita yowonjezera.

Galimoto zokhala ndi eriyo kumbuyo, monga ma W123 ambiri omwe ali ndi eriyo yamagetsi ya Hirschmann pa madigadi a kumbuyo, zimafuna chingwe cha mamita anayi kapena kuposerapo. Pofuna kuti wailesi isaone kapasita yaikulu choncho, zingwe zina zazitali ndi zina zowonjezera zinkabwera ndi kapasita yaing'ono yobisika mkati mwa pulagi, yolumikizidwa motsatana ndi waya wapakati. Musanadule pulagi yakale pa chingwe chachitali, itseguleni muone. Ngati muli kapasita, werengani nambala yake ndipo muibwezeretse mu pulagi yatsopano. Adaputa iliyonse ya m'gulu lija siidziwa za zimenezi.

Kuika pulagi yowotcherera si ntchito yovuta, imangofuna dzanja lodekha. Dulani chingwe pamene waya wolukidwa akuwalabe ngati kopa. Ngati wabiriwira kapena wada, madzi analowa, pitirizani kudula mpaka mupeze pabwino. Lowetsani kaye chivindikiro cha pulagi pa chingwe, chifukwa mukaiwala mudzamasula zonse. Sendani khungu lakunja pafupifupi mamilimita 25, pindirani waya wolukidwa kumbuyo, kenako dulani kachubu kamkati mosamala kwambiri, mpeni usakhudze waya wapakati. Phini ya pulagi ndi yobowoka mkati: pititsani waya mpaka atulukire kunsonga, koma musamukoke kuti awongoke, musiyireni mpata pang'ono mkati. Wotchererani pansonga pokha, ndi chowotcherera cha mawati 30 kapena 40, kwa masekondi ochepa. Mukachedwa, pulasitiki yogwira phini imasungunuka, phini n'kupendekeka. Dulani waya wotsala, palani mtovu wotumphuka kuti phini isanenepe, chifukwa phini yonenepa imakanula timano ta mkati mwa soketi ndipo sitibwereranso. Waya wolukidwa agwidwe ndi thupi la pulagi mozungulira monse, ndipo onetsetsani kuti palibe kaulusi ngakhale kamodzi kolowera ku phini.

Musanalowetse mu wailesi, yezani ndi mita yoyezera magetsi, mutaiika pa ma ohm. Kuchokera pa phini kukafika pa ndodo ya eriyo pawerenge ma ohm ochepa kwambiri, pokhapokha ngati m'chingwemo muli kapasita ija, pamenepo mita siwerenga kanthu ndipo si vuto. Kuchokera pa phini kupita pa thupi la pulagi pasawerenge kanthu, kutanthauza kuti pasakhale kulumikizana kulikonse. Ngati pakuwerenga, pali shoti kapena madzi alowa patsinde pa eriyo. Kuchokera pa thupi la pulagi kupita pa chitsulo cha galimoto pawerenge pafupifupi ziro. Muyezo wachitatuwu ndi umene umalephera kawirikawiri pa galimoto zomwe zapentedwa kumene. Patsinde pa eriyo, kunsi kwa madigadi, pali chitsulo cha mano chomwe chimayenera kuluma chitsulo cha bodi. Wopenta akathira penti yochindikala kapena phula loteteza dzimbiri, manowo amaluma penti basi. Zotsatira zake ndi kuthetheka komwe kumakwera ndi kutsika pamodzi ndi injini. Palani pamalopo mpaka chitsulo chiwale, mangani, kenako pakani girisi pamwamba kuti dzimbiri lisabwerere nthawi ya mvula. Pa eriyo za Hirschmann, masulaninso mbali ya chingwe yopotokola yomwe imalowa pa eriyo penipeni, chifukwa ndi pamene madzi amakonda kukhala.

Adaputa ya waya wabuluu ili ndi ntchito yake yeniyeni, koma ogulitsa ambiri safotokoza kuti ntchitoyo ndi iti. Eriyo zina zamakono, monga zazifupi za padenga ndi zina zobisa kuseri kwa galasi, zili ndi amplifier (chokweza siginolo) patsinde, ndipo amplifier imeneyi imalandira ma volti 12 kudzera m'chingwe chomwecho cha siginolo. Wailesi yakale situlutsa magetsi pa soketi ya eriyo, choncho eriyo yotere ikalumikizidwa mwachindunji imakhala yogontha kuposa waya wamba. Adaputa ija imalowetsa magetsi m'chingwe, n'kuwatchinga ndi kapasita kuti asabwerere mu wailesi. Waya wabuluu alumikizidwe pa magetsi oyaka pokhapokha wailesi kapena kiyi wayatsidwa. Pa Becker mungagwiritse ntchito potulukira pa eriyo yamagetsi. Mukaulumikiza pa magetsi osazima, batire limatha pang'onopang'ono galimoto ili chiimire, ndipo galimoto zakale zimaima masabata. Pa eriyo wamba yandodo adaputayi ilibe phindu lililonse: siikweza siginolo, ndipo kuika ma volti 12 pa ndodo yomwe patsinde pake pamalowa chinyezi kumangofulumizitsa dzimbiri. Pa galimoto ya ma volti 6, monga Beetle zopangidwa chisanafike chaka cha 1967, siigwira n'komwe. Ndipo ngakhale zonse zitalumikizidwa bwino, wailesi yakale inapangidwira ndodo wamba, moti ambiri amene amabisa eriyo pofuna kusabowola madigadi amapeza FM ili bwino koma AM yafooka. Ngati bowo la eriyo lilipo kale pa galimoto, bwezeretsani ndodo.

Pali ngozi imodzi imene palibe adaputa ya m'gululi ingakutetezeni, ndipo ikukhudza galimoto za ku Britain zomwe zinali zambiri kuno: Land Rover Series II ndi IIA zopangidwa chisanafike chaka cha 1967, Morris, Austin ndi zina za nthawi imeneyo. Galimoto zimenezi zinkatuluka ndi positive earth, kutanthauza kuti mbali ya pulasi ya batire ndi imene imamangidwa pa bodi. Waya wolukidwa wa chingwe cha eriyo amalumikiza bodi ya galimoto ndi bokosi la wailesi mwachindunji. Munthu akatenga wailesi ya negative earth, n'kuikhazika pa thabwa kapena pa labala kuti isakhudze bodi, amaganiza kuti wathana nazo. Akangolowetsa pulagi ya eriyo, wapanga shoti kudzera m'chingwe: fyuzi imaphulika, ndipo ngati palibe fyuzi chingwe chimatentha. Choncho yambani mwaona chimene chalembedwa pa wailesi. Blaupunkt zambiri za m'ma 1960 ndi Radiomobile zina zili ndi kapulagi kapena kaswichi kosinthira pakati pa pulasi ndi mainasi, zina ngakhale pakati pa ma volti 6 ndi 12. Yang'ananinso batire la galimotoyo ndi maso anu, chifukwa zambiri mwa galimoto zimenezi zinasinthidwa kale kupita ku negative earth ndi eni ake akale, pomwe wailesi yogulidwa kunja ingakhale idakali pa positive. Ma transistor a germanium a m'wailesi za nthawi imeneyo sapirira magetsi olowa chozondoka.

Zonse zikalumikizidwa, patsala kanthu kamodzi komwe ogulitsa maadaputa satchula: kasikulu kotchedwa trimmer. Wailesi zakale za AM zili ndi kapasita yosinthika, yochunidwa ndi kasikuluka, yomwe imagwirizanitsa wailesi ndi eriyo pamodzi ndi chingwe chake. Mukasintha chingwe, pulagi, adaputa kapena eriyo, muyenera kuichunanso. Imapezeka pafupi ndi soketi ya eriyo, kapena kutsogolo kuseri kwa chivindikiro cha dayilo. Pa wailesi zambiri za Delco za m'galimoto za General Motors ili kuseri kwa chopotokola chosakira masiteshoni. Tulutsani galimoto panja, kutali ndi denga lamalata ndi mawaya amagetsi. Kwezani eriyo yonse. Ngati wailesi ndi ya ma valve (timachubu tagalasi ta m'wailesi zakale), isiyeni itenthe kaye kwa mphindi zingapo. Dinani batani la M, lomwe pa wailesi za ku Germany ndi la AM ya mafunde apakati, pomwe U ndi FM, K ndi short wave, L ndi long wave. Sakani siteshoni yofooka cha pa 1400 kHz, pomwe pa dayilo palembedwa 14 kapena 140. Madzulo dzuwa litalowa ndi nthawi yabwino chifukwa masiteshoni akutali amayamba kumveka, koma ngakhale popanda siteshoni mungagwiritse ntchito mkokomo wa wailesi womwewo. Potokolani kasikuluko pang'onopang'ono uku ndi uku mpaka mawu akwere kwambiri. Payenera kukhala malo amodzi omveka bwino pomwe mawu akukwera kenako n'kutsikanso. Ngati mwapotokola mpaka kumapeto mawu akungokwera osafika pachimake, kapasita ya chingwe chanu yapitirira malire a trimmer, ndipo vuto lili pa chingwe kapena pa maadaputa olumikizidwa motsatana, osati pa wailesi. Pa FM kasikuluka sikasintha kanthu, musavutike nako.

Dandaulo lina lomwe limagwera adaputa popanda chifukwa ndi lakuti masiteshoni ena a FM sakupezeka. Yang'anani dayilo. Wailesi zambiri za ku Germany za m'ma 1960 ndi m'ma 1970 zimathera pa 104 MHz, zakale kwambiri pa 100, pomwe masiku ano FM imafika pa 108. Siteshoni yomwe ili pamwamba pa malirewo siingamveke ngakhale eriyo itakhala yabwino chotani. Expander ya galimoto za ku Japan, yomwe inapangidwira wailesi za 76 mpaka 90 MHz, imalowa bwinobwino pa soketi ya Becker kapena Blaupunkt popeza pulagi ndi imodzi, ndipo ena amaiyesa. Imafuna ma volti 12 a negative earth, imasuntha masiteshoni onse kuwachotsa pa manambala awo, ndipo kawirikawiri masiteshoni awiri amagwera pamalo amodzi. Njira yabwino ndi kupereka wailesiyo kwa mmisiri wodziwa kuchuna gawo la FM mkati, kapena kungovomereza malire ake.

Pogula pa intaneti musadalire dzina lolembedwa pa malonda, chifukwa ogulitsa ambiri amasokoneza DIN ndi ISO, komanso mbali yaphini ndi yabowo. Pemphani chithunzi cha mbali zonse ziwiri, ndipo inunso jambulani soketi ya wailesi yanu ndi pulagi ya pa chingwe cha galimoto, rula ili pambali. Kwa wailesi yakale mukufuna mbali yaphini yonenepa, yaitali, ya timasamba m'mbali. Mapulagi owotcherera gulani awiri kapena atatu nthawi imodzi, popeza woyamba amatha kusungunuka m'manja mwa munthu amene sanazolowere, ndipo sankhani a thupi lachitsulo chochindikala, osati amene amapindika mukawafinya ndi zala.